Usiku Mthunzi Ngwachiyani?

Chaka chatha pa Khirisimasi ndinawanamiza amalume anga, ndipo ndinawanamiza poimba. Mpaka lero ndikadali kudzifunsa ngati linali bodza ndithu kapena chifundo, ndiye ndati ndikutulireni nkhaniyi, mwina inu muona pamene ine sindikuona.

Ndiyambire patali pang'ono. Kuno ku Blantyre ndimakhala ndekha, ndipo usiku tulo tikavuta ndimangovala mahedifoni n'kumayendayenda pa YouTube mpaka bandulo itatha. Tsiku lina ndinagwera pa nyimbo za mzungu wina wa ku Vienna, Franz Schubert. Musaseke. Ndikudziwa kuti mwana wa ku Chigwa, wokulira ulimba ndi utse, sayenera kupezeka akumvera zimenezi pakati pa usiku, koma zinachitika basi. Ajeremani ali ndi mtundu wa nyimbo umene amautcha Lied: munthu mmodzi, piyano imodzi, ndi ndakatulo. Palibe ng'oma, palibe kwaya, palibe wovina. Schubert anapeka nyimbo zoterezi zoposa 600 asanamwalire mu 1828, ali ndi zaka 31 zokha. Mu 1827 anatenga ndakatulo 24 za Wilhelm Müller n'kuziveka chuni, zonse pamodzi n'kukhala Winterreise, kutanthauza ulendo wa m'nyengo yozizira. Nkhani yake njachidule: mnyamata chibwenzi chamuthera, wanyamuka usiku osatsanzika, akuyenda m'chisanu, ndipo kumene akupita kulibe.

Chijeremani sindichidziwa. Chimene chinanditsegulira khomo n'chakuti Mngelezi wina, Jeremy Sams, anamasulira nyimbo zonsezi m'Chingerezi choti chiimbike pa chuni chomwecho, ndipo Roderick Williams anaziimba, Christopher Glynn ali pa piyano, pa chimbale chimene chinatuluka mu 2018. Alipo okonda nyimbozi amene amati kuziimba m'chilankhulo china n'kuzipha, poti Schubert anasoka chuni chake pa thupi la mawu a Chijeremani. Mwina akunena zoona. Koma chikhala kuti palibe amene anaziphako choncho, ine bwenzi ndikungomva bambo akukuwa mokoma.

Nyimbo yachisanu ndiyo inandigwira pakhosi. Ikukamba za mtengo umene iwo amautcha Linde, umene uli pafupi ndi chitsime kunja kwa chipata cha mudzi. Kale mnyamata uja ankagona mumthunzi mwake n'kumalota, ankalemba mawu achikondi pa khungwa lake. Tsopano akuudutsa pakati pa usiku, watsinzina ngakhale kuli kale mdima, ndipo nthambi zikuchita phokoso ngati zikumuitana kuti abwere adzapume. Mphepo yozizira ikumuomba kumaso, chipewa chikuuluka, iye osacheuka. Pa ndime yomaliza ali kutali, wayenda maola ambiri, koma akuumvabe mtengo uja.

Nditangomvetsa zimene ikunena ndinaona nkhope ya amalume.

Iwo kwawo ndi ku Makhanga, kutsidya kwa Shire, kumene Ruo amatsikira. Mu Januwale 2015 madzi atabwera, anawatenga pa boti ali ndi malaya a m'thupi okha. Anakakhala pa msasa ku Bangula, kenako anapeza kamalo kumtunda n'kumanga. Akazi awo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo manda awo ali pansi pa mchenga umene mtsinje unasiya. Chimene chinatsala chiimire pakhomo pawo ndi mtengo wa bwemba basi. Chilimwe chilichonse amaoloka pa Mtayamoyo kukalima kudimba, amagona m'kachisakasa pansi pa bwembayo, ndipo mitambo ikayamba kuda ana awo amayamba kuwaimbira foni. Chidutsireni Freddy mu Malichi 2023, ayamba kuyankha mawu amene amatiumitsa pakamwa tonse: "Ndatopa n'kuthawa. Akandipeza andipeze."

Msuweni wanga, mwana wawo wachiwiri, amatsogolera kwaya ya achinyamata ndipo ali ndi kiyibodi ya mabatire. Nditamutumizira nyimboyo pa WhatsApp anangoti, "Aise, chuni n'chabwino, koma ndani amve zimenezi kuno? Iike m'Chichewa tiwaimbire mdala pa Khirisimasi." Ndinavomera msanga, ngati munthu amene sanagwirepo ntchitoyi.

Abale, kumasulira nyimbo yoti iimbidwe kuli ngati kupakira minibasi ya ku Chigwa. Mipando anaiwerenga kale ndi Schubert, sungawonjezere ngakhale umodzi, ndipo phatikizo lililonse likufuna mpando wake. Tsono mawu a Chijeremani ndi Chingerezi ndi anthu owonda. Usiku kwa iwo ndi Nacht kapena night, mpando umodzi. Kwa ife u-si-ku, mipando itatu. Mtima kwa iwo ndi Herz, heart, mpando umodzinso. Ukamafika pa "ndinkakumbukira" mzere wonse wadzadza ndi munthu mmodzi. Ndiye iwe kondakitala uyenera kusankha: wina atsike, wina akhale pamiyendo pa mnzake, katundu wina atsale pa siteji.

Si zokhazo. Chichewa chimakokera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto; tikamati Mulungu timatsamira pa lu. Nyimbo zambiri za Azungu zimamaliza mzere pogunda phatikizo lomaliza, ndiye mawu athu amatuluka atayang'ana kumbuyo. Komanso ife timasiyanitsa mawu ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu. Mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, khutu lokha ndilo limadziwa, ndipo chuni chikapita kwake chikhoza kukusandutsira bwemba kukhala mtengo wa shuga. Vutoli si lachilendo kwathu kuno. Tsegulani Nyimbo za Mulungu muone tizizindikiro tija todula mawu, Mulungu kukhala M'lungu, Ambuye kukhala 'Mbuye. Amenewo ndi anthu okhala pamiyendo. Tinakulira momwemo mpaka sitimvanso kuti china chake chinapindika, ndipo agogo athu tinawaperekeza kumanda ndi nyimbo zomwezo. Ndani angaimirire n'kunena kuti sizathu?

Mphunzitsi wina wa ku New Zealand, Peter Low, amene analemba zambiri pa ntchitoyi, amati womasulira nyimbo ali ngati wamasewera amene akupikisana pa mipikisano isanu nthawi imodzi: nyimbo iimbike, tanthauzo lisatayike, mawu amveke ngati olankhula anthu, kagundidwe kakhale komweko, ndipo mathero a mizere agwirizane. Sungapambane ponse, umangoyesetsa kuti zonse pamodzi zikwane bwino. Ndi malangizo anzeru, ndipo anandimasula. Koma ndinazindikira mochedwa kuti mawu akuti "sizinakwane pa chuni" ndi pobisalira pabwino kwambiri. Palibe amene angakutsutse, poti ndani atenge pensulo kukawerenganso mipando?

Zambiri zimene ndinasintha sizindisowetsa tulo. Linde kwathu kulibe, koma kwa Ajeremani ndi mtengo wa pabwalo, pamene kale ankavinira ndi kuweruzira milandu, ndiye ndinaika bwemba. Mwamwayi onse awiri ndi mipando iwiri. Midzi yathu ilibe chipata, ndinaika dooko. Mphepo yozizira ndinaichotsa, chifukwa ku Chigwa kuzizira si mdani: Juni ndi Julayi ndiyo miyezi imene munthu wa ku Ngabu amagona tulo osatembenukatembenuka. M'malo mwake ndinaika mkuntho uja umatsogolera mvula, umene ukaomba amayi amayamba kuwerenga ana. Wina anganene kuti pamenepa ndaba nyimbo ya eni ake n'kuipaka utoto. Ine ndikuti ayi. Müller sankaphunzitsa za mitengo kapena za nyengo. Ankafuna kuti womvera achite mantha pamene mnyamata akuchita mantha, ndipo munthu wa ku Makhanga sungamuopseze ndi chisanu.

Chimodzi ndivomere ndisanapitirire: nyimboyi inayenera kukhala m'Chisena, chifukwa ndicho chilankhulo chimene amalume amalotera. Koma Chisena changa n'cha patchuthi, ndipo zilankhulo ziwirizi zimatcherana misampha. Mnyamata wa ku Ndirande akati "za nyatwa" ndiye kuti zinthu zili bwino zedi. Ku Nsanje nyatwa ndi mavuto. Msena akati "takhuta" akuthokoza. Mchewa akati "takhuta" ndiye kuti chotsani mbale, zakwana. Ndinaopa kuchita manyazi, ndinakhala pa Chichewa.

Tsopano tifike pa liwu limene ndinanamira.

Chimene mtengo uja ukulonjeza mnyamata, m'Chijeremani, ndi Ruhe. Ndi kupuma, inde, koma ndi liwu lomwelonso limene amalemba pa ziliza. Amene amaidziwa nyimboyi samva mtengo ukuitanira munthu kudzagona masana. Amamva ukumuitana kuti adzagone osadzukanso. N'chifukwa chake akutsinzina mumdima, n'chifukwa chake sakutola chipewa. Thomas Mann, m'buku lake la mu 1924 lotchedwa Der Zauberberg, anaika nyimbo yomweyi pakamwa pa msilikali amene akuthamanga m'matope a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anzake akugwa uku ndi uku.

Chichewa chili nalo liwu lake lenileni: kuusa. Tonse timalidziwa kumene timalimva. Likangotuluka pakamwa, munthu amaona nkhata za maluwa ndi anthu ovula zipewa. Ndinali nditakonza mipando itatu pamalopo, ndipo ku-u-sa anakwana ndendende, ngati anachita kumuyeza. Ndinaliimba kawiri ndekha m'chipinda, thupi linachita tsembwe. Kenako ndinalifufuta n'kulemba m-thu-nzi. Mipando itatunso. Mtengo uziitanira munthu ku mthunzi.

Msuweni atandifunsa ngati zonse zili monga mwini wake analembera, ndinati, "Pena ndi pena sizinakwane pa chuni." Mwaliona bodza lake?

Koma musandiweruze msanga, mverani mbali yanga. Müller anamwalira mu 1827, sangakandisumire kwa amfumu. Amalume ali moyo, ali ndi zaka zoposa 70, ndipo anena kale ndi pakamwa pawo kuti madzi akawapeza awapeze. Ndiye ine, mwana wa mlongo wawo, ndikwere minibasi kutsika mapiri a Chikwawa, kudutsa Nchalo ndi Ngabu, kukawaimbira pa Khirisimasi kuti bwemba wawo akuwaitana kuti akause? Kukhulupirika kotani kumeneko, kokhulupirika kwa wakufa n'kukankha wamoyo? Womasulira si galasi. Ndi munthu, ali ndi abale, ndipo chimene watulutsa pakamwa ndi iye amene adzachiyankhire.

Ndinalinso ndi mnzanga wamkulu pa mlanduwu. Mu 1846 Friedrich Silcher anatenga nyimbo yomweyi n'kuikonza kuti makwaya aziimba. Schubert anali ataipanga kuti izisintha nkhope: imayamba mowala, pa ndime ya usiku imada, mphepo ikamaomba piyano imachita chipwirikiti. Silcher anatenga chuni chowala cha ndime yoyamba n'kuchiyala pa ndime zonse. Mawu sanawasinthe, koma mdima unachepa, ndipo m'maonekedwe amenewo nyimboyo inafala ngati nyimbo ya makolo, yoimba ana a sukulu ndi madoda pa mowa, yokumbutsa kumudzi. Ngakhale pachiyambi pomwe, Schubert atawaimbira anzake nyimbo za ulendowu, iwo anadabwa ndi chisoni chake, ndipo mmodzi wa iwo, Franz von Schober, anati yamukomera ndi ya mtengoyi yokha. Anthu akhala akufuna mthunzi wa nyimboyi kuyambira kale. Ndinadziuza kuti sindine woyamba.

Tsiku linafika. Ku Bangula kunali kotentha kuja koti ngakhale nkhuku zimayasama. Titadya mpunga wa mbuzi, dzuwa litapendeka, tinayala mphasa pabwalo. Achinyamata anayamba ndi nyimbo ya Khirisimasi ija ya usiku wachete, imene nayonso, kaya mukudziwa, inabadwira m'Chijeremani: anaiimba koyamba mu 1818 ku Oberndorf, ku Austria, ndi gitala. Ife timaiimba thukuta lili kamukamu ndipo palibe amene amadandaula. Kenako msuweni anati, "Bambo, iyi ndi yanu," n'kuyamba.

Anaiimba bwino, ndisaname. Pa bwemba ndi pa dooko amayi ena anati "eee" chapansipansi. Amalume anangokhala pa mpando wawo wa ndalema, maso ali pansi. Itatha anati aibwereze. Atabwereza anakhala chete kanthawi, kenako anandiyang'ana.

"Iwe mwana, wati walemba ndiwe?"

"Ndangomasulira, amalume. Mwini wake ndi mzungu wakalekale."

"Munthuyu akudutsa pa mtengopo nthawi yanji?"

"Usiku, amalume."

"Nanga usiku mthunzi ngwachiyani?"

Ndinali nditawerenga mipando kwa milungu itatu, ndinali nditayeza phatikizo lililonse, koma chimenechi sindinachione. Munthu amene sanamvepo dzina la Schubert anapeza chigamba pa kumva kuwiri kokha, chifukwa iye anagonapo pansi pa mtengo wotero usiku, ndipo akudziwa kuti si mthunzi umene umaitana. Ndinayesa kuseka. Iwo sanaseke. Ndiye ndinawauza zonse: liwu limene mwini wake anaika, liwu lathu limene linakwana, ndi kuti ndinalichotsa dala. Chifukwa chake sindinanene, ndipo iwo sanafunse. Tonse pabwalopo tinkachidziwa.

"Ndiye mzunguyo ankadziwa," anatero. Kenako: "Chipewa chija anabwerera kukatola?"

"Ayi, amalume."

"Olo kucheuka?"

"Olo kucheuka."

Anagwedeza mutu. "Anali mwamuna."

Mawu amenewa ndakhala nawo chaka chonse. Ine ndinkaganiza kuti ndikuchotsa poizoni m'nyimbo, osadziwa kuti ndikuchotsa ulemu wa munthu woyendayo. Taganizani. Ngati mtengo ukungoitanira ku mthunzi, munthu wotsinzina n'kuthawa, kusiya ndi chipewa chomwe, ndi chitsiru, akuthawa chiyani? Nyimbo yanga inkanena, mosadziwa, kuti kumudzi kuli bwino ndipo wochokako ndi wamantha chabe. Imeneyo ndiyo nyimbo imene ikanawabweza ku Makhanga. Koma ngati mtengo ukuitanira ku imfa, ndipo kuitanako n'kokoma, n'kwa mawu a munthu amene unkamukonda, ndiye kuti kuyenda osacheuka ndi ntchito yolemetsa kuposa zonse, ndipo amene akuichita chaka ndi chaka ayenera kuvuliridwa chipewa. Ife ana tinkawaimbira foni ngati tikuitana mwana wosamva. Palibe mmodzi wa ife amene anawauzapo kuti tikudziwa chimene amasiya akamakwera bwato kubwerera kumtunda.

Ndiye pamene ndafika ndi apa. Kusintha Linde kukhala bwemba si bodza, chifukwa ndinasintha kuti iwo amve chimene Mjeremani amamva. Kusintha kuusa kukhala mthunzi ndi bodza, chifukwa ndinasintha kuti asamve. Kunja zonse ziwiri zimaoneka chimodzimodzi, liwu lachotsedwa, lina laikidwa, mipando yakwana. Kusiyana kwake kuli mumtima mwa kondakitala, ndipo ndi iye yekha amene amadziwa amene anamutsitsa chifukwa cha malo ndi amene anamutsitsa chifukwa chomuopa. Tonse timamasulira motere tsiku ndi tsiku, tikamachokera kwa dokotala kupita kwa mayi athu pa benchi, tikamaimba foni kumudzi kunena za ntchito imene inatha mwezi watha. Timati tikuwateteza. Nthawi zambiri timakhala tagamula tokha kuti munthu wamkulu sangathe kunyamula nkhani ya moyo wake womwe.

Komabe sindikufuna kudzipanga wanzeru chifukwa choti zinathera pamenepo. Zikanatha kupita kwina. Munthu wina, usiku wina, akanamva liwu lija n'kulitenga ngati chilolezo. Sindingakuuzeni kuti choona sichivulaza, ndaona chikuvulaza. Mutandibwezera m'chipinda chija, pensulo ili m'manja, dzanja likhoza kunjenjemeranso. Chimene sindingachitenso ndi kunamizira chuni. Ndikachotsa liwu chifukwa cha mantha, ndidzanena kuti ndachita mantha, kuti mwini nkhani asankhe yekha ngati akulifuna.

Madzulo amenewo amalume anauza msuweni kuti abwezere liwulo pamalo pake aimbenso. Anaimba. Pofika pa kuusa mawu ake anagwedera, ndipo azakhali ena anadzuka n'kunena kuti zamaliro pa Khirisimasi ayi, n'kulowa m'nyumba. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, mpaka pamene munthu uja ali kutali koma akuumvabe mtengo. Kiyibodi itazima anati, "Takhuta," n'kunyamula mpando wawo. Sindinawafunse ngati ananena m'Chisena kapena m'Chichewa.

Chaka chino anaolokanso mu Meyi. Pamene ndikulemba pano ndi Novembala, ndipo kuno ku Blantyre yagwa kale kawiri. Dzulo msuweni wandiuza kuti wawaimbira katatu, kachitatu ndi pamene anayankha. Ati mbatata yatsala mizere isanu ndi umodzi, akamaliza kukumba abwera.